Turbo isathe msanga: kusewera NBA Jam pa gemu ya m'manja

Gemu ya basketball ya NBA Jam imaseweredwa ndi mabatani atatu basi: loponyera, lopatsira ndi la turbo. Awiri oyambawo amasintha ntchito mpira ukakhala kwa adani. Loponyera limasanduka lodumphira kuti mutchinge, lopatsira limasanduka lotsompholera mpira. La turbo ntchito yake ndi imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuwonjezera mphamvu pa chilichonse chimene mukuchita, ndipo ndi limene limasiyanitsa wosewera wodziwa ndi wongodinadina. Pa kachipangizo ka m'manja nkhani yake imakula, chifukwa zala zimapanikizana pamalo ochepa. Mukaika turbo polakwika, ndiye kuti mwagonja masewero asanayambe n'komwe.

Gemuyi inatuluka mu 1993, yopangidwa ndi kampani ya Midway ya ku Chicago, ndipo poyamba inali ya pa makina akuluakulu oimirira aja oponyamo ndalama zachitsulo. Khalidwe lake lonse linachokera kumeneko. Mwini makina amafuna anthu azisinthana msanga, choncho zonse anazifupikitsa: osewera awiri mbali iliyonse, zigawo zinayi za mphindi zitatu, ndipo palibe choimitsira mpira. Mdani mutha kumukankha mpaka kugwa chagada, wezulo sikulira. Mpira sutuluka m'bwalo. Malamulo amene anatsala ndi awiri okha: muponye masekondi 24 asanathe, ndipo musakhudze mpira umene wayamba kale kutsikira ku mphete. Mu 1994 kampani ya Acclaim inaibweretsa pa zipangizo zosewerera magemu za Super Nintendo, Mega Drive, Game Gear ndi Game Boy, kenako panabwera ina yowonjezeredwa yotchedwa Tournament Edition.

Zipangizo zimene mungazione m'manja mwa anyamata pa Kasungu boma, kapena m'minibasi ya pa M1 yolowera ku Lilongwe, zili m'magulu atatu. Pali PSP (PlayStation Portable ya Sony) yakale imene yadutsa m'manja ambiri. Pali tizipangizo ta ku China monga R36S, RG35XX ndi Miyoo Mini, timene timabwera ndi khadi yodzaza magemu akale. Ndiye pali Nintendo Switch kwa amene thumba likuwalola. Zambiri zimene ndikambe pano ndi za gulu lachiwirilo, chifukwa ndi kumene NBA Jam imapezeka mosavuta. Dziwani chabe kuti magemu a pa makhadi amenewo anakoperedwa popanda chilolezo cha eni ake. Amene akufuna njira yoyera ayang'ane ku Switch kapena ku madisiki a UMD a PSP.

Mukatsegula mndandanda muona NBA Jam ingapo. Ya Game Boy isiyeni. Kachipangizo kameneko kanali ndi mabatani awiri okha osewerera pomwe gemu imafuna atatu, ndipo osewera amaoneka ngati timadontho. Tengani ya Super Nintendo kapena ya Mega Drive, ndipo ngati Tournament Edition ilipo, imeneyo ndiyo yabwino. Yang'ananinso kumapeto kwa dzina lake. Yolembedwa USA imayenda pa zithunzi 60 pa sekondi, yolembedwa Europe inapangidwira ma TV a zithunzi 50. Kusiyana kumeneku kumamveka pa chala. Mukazolowera nthawi yosiyira batani pa ina, pa inzakeyo muzingophonya, ndiye sankhani imodzi n'kukhala nayo.

Tsopano za batani la turbo. Chala chachikulu chakumanzere chili pa D-pad, kabatani kangati mtanda kowongolera wosewera, chakumanja chili ndi ntchito ziwiri kale, kuponya ndi kupatsira. Ngati turbo ilinso pa mabatani akutsogolo, chala chomwecho chiyenera kudina awiri nthawi imodzi, nsonga pa lina, mimba pa linzake. Zimatheka, koma zimalakwika pa nthawi imene simukufuna. Mumafuna dunk (kudumpha n'kuponyera mpira m'mphete ndi dzanja lili pamwamba pake), chala chaterereka pa turbo, wosewera wangoponya kampira kofooka ali pansi pa mphete, mdani n'kukamenya. Vutoli limaoneka kwambiri pa ya Mega Drive, chifukwa mabatani ake onse atatu amagwera kutsogolo. Mankhwala ake ndi kusamutsira turbo pa batani la paphewa kuti chala chamkombaphala chigwire ntchito imeneyo pachokha. Tizipangizo tambiri timeneti timayendetsa magemu kudzera mu pulogalamu yotchedwa RetroArch. Gemu ili mkati, tsegulani Quick Menu, lowani pa Controls, kenako Port 1 Controls, pezani L1, batani la paphewa lakumanzere, ndipo mulipatse ntchito ya batani limene lili ndi turbo. Mukatha sungani posankha Save Game Remap File. Mukaiwala kusunga, mawa mudzapeza zabwerera mwakale. Sungirani gemu imeneyi yokha, osati core yonse (pulogalamu imene imayendetsa magemu onse a mtundu umodzi), kuopa kusokoneza magemu ena onse a Mega Drive.

Ine ndimaona kuti L1 imaposa R1 ya kumanja. Turbo imayendera limodzi ndi kuthamanga, ndiye ikhale kudzanja limene likuwongolera. Dzanja lamanja lisiyidwe lomasuka, chifukwa ndi limene limawerengera nthawi yosiyira mpira. Pa R36S ndi RG35XX mabatani apaphewa ali kumbuyo ndipo ndi olimbirapo, choncho musafinye ndi mphamvu zonse, apo ayi chala chachikulu chimakankhika pa D-pad ndipo wosewera amakhotera kumene simunamutume.

Turbo ili ndi kamzere kake pamwamba pa sikirini, pafupi ndi dzina la wosewera wanu. Mukagwira batani kamatsika, mukasiya kamadzazanso pang'onopang'ono. Pa sikirini ya mainchesi 3.5 n'kovuta kuyang'ana kamzereko uku mukutsatira mpira, ndiye yang'anani nsapato za wosewera. Zimasintha mtundu turbo ikamagwira, ndipo zikabwerera mwakale chala chili chigwirire, dziwani kuti yatha. Cholakwa cha pafupifupi aliyense woyamba kumene ndi kuigwira kuchokera pa mphete yake mpaka ya adani. Amafika kutsogolo ali wopanda kanthu, dunk yakanika, mpira wawalanda, ndipo alibenso mphamvu yobwerera kukatchinga. Wakabaza wanzeru sapalasa ndi mphamvu zonse pamalo osalala, amasungira chitunda. Pa gemuyi zitunda zake ndi zitatu: masitepe omaliza opita ku dunk, kubwerera kumbuyo mpira ukalandidwa, ndi kukankha. Pakati pa bwalo yendani wamba. Mukafuna kudutsa munthu, dinani turbo kwa kamphindi, mukamudutsa siyani.

Batani lililonse likaphatikizidwa ndi turbo limabala china. Turbo ndi loponyera, mukuthamangira ku mphete, ndiyo dunk, ndipo mtundu wake umadalira pamene mwadumphira ndi luso la wosewerayo. Ma dunk ouluka m'mwamba kwambiri aja amakoma kuona, koma amatenga nthawi ndipo mdani wamtali amapeza mpata wokutchingani. Turbo ndi lopatsira imatumiza mpira wothamanga umene suphweka kuudula panjira. Kudina turbo kawiri mofulumira muli ndi mpira kumachititsa wosewera kudzitchinjiriza kwa amene wamukakamira. Kungogunda loponyera kamodzi mopepuka ndi kunamiza: mdani amadumpha, inu muli pansi, ndipo akamatsika ndi pamene mumaponya kapena kupatsira. Kompyuta imagwa m'msampha umenewu kawirikawiri.

Poponya patali, gwirani batani ndipo mulisiye wosewera akafika pamwamba penipeni pa kudumpha kwake. Mukasiya msanga mpira umachoka mofulumira koma sulunjika bwino, mukachedwa wotchinga wafika. Ngati mukuona kuti mukusiya pa nthawi yake koma wosewera akuchedwa kumvera, vuto likhoza kukhala la kachipangizo. Zimitsani ma shader ndi zokongoletsa zina za sikirini, chifukwa zimalemetsa purosesa yaing'onoyo, ndipo siyani chithunzi pa 4:3. Sikirini ya R36S ndi ya 640 ndi 480, imene ndi 4:3 kale, choncho palibe chifukwa choitambasulira. Zomvera m'makutu za Bluetooth zimachedwetsa mawu, gwiritsani za waya.

Kutchinga ndi kumene gemuyi imapambanidwira, ngakhale anthu amaikonda chifukwa cha ma dunk. Muli ndi zida zitatu. Kutsomphola ndi batani lopatsira lokha, ndipo kumayenda bwino ndi wosewera wamfupi wothamanga. Kukankha ndi turbo pamodzi ndi lopatsira. Mdani amagwa, nthawi zambiri mpira umamupulumuka, koma kumadya turbo, ndipo mukaphonya mdani wadutsa ndipo kumbuyo kwatsala munthu m'modzi. Musakankhe muli patali. Yandikirani mpaka matupi akhudzane, makamaka pamene mdani waima kuti aponye kapena wangolandira mpira. Chachitatu ndi kudumpha. Dumphani pamodzi ndi woponyayo, mpira ukadali kukwera. Mukaugwira ukutsika pafupi ndi mphete, gemu imalemba goaltending ndipo adani amapatsidwa mapointi awo ngati kuti walowa. Anthu ambiri amaima pansi pa mphete n'kumadumphira mpira uliwonse, kenako n'kumadabwa kuti zigoli za adani zikukwera bwanji.

Ndiye pali moto. Wosewera m'modzi akachinya katatu motsatizana adani asanachinye, amayaka. Akachinya kachiwiri mumamva wolengeza, Tim Kitzrow, akunena kuti "He's heating up", kachitatu ndi "He's on fire". Kuyambira pamenepo turbo ya wosewerayo sikutha, mipira yake imalowa kwambiri ngakhale patali, ukonde umapsa, ndipo lamulo la goaltending silimugwira. Chomalizachi ndi chimene ambiri sachigwiritsa ntchito. Wosewera woyaka abwerere msanga kukaima pansi pa mphete yake n'kumachotsa mpira uliwonse umene adani aponya, chifukwa moto umazima adani akangochinya. Kutsogolo asataye mpata pa ma dunk a mapointi awiri, aponye za atatu. Mipira itatu yokha yolowa ndi mapointi asanu ndi anayi, ndipo m'chigawo cha mphindi zitatu amenewo ndi ambiri.

Kuti moto uyake, pafunika kuti adani alephere kawiri pakati pa zigoli zanu zitatu, ndiye mukuona kuti nkhani yabwereranso ku kutchinga ndi ku turbo imene munasunga. Mukamva "heating up", mpira wotsatira upite kwa yemweyo, ndipo achinye mwa njira yotsimikizika, pafupi ndi mphete. Adani akakhala kuti ndi amene akutentha, musafune zapamwamba. Chigoli chilichonse, ngakhale chophweka chotani, chimawazimitsa.

Mnzanu wa m'timu amene akuyendetsedwa ndi kompyuta amamvera mabatani anu. Mpira ukakhala kwa iye, mukadina lopatsira amakupatsirani, mukadina loponyera amaponya pomwe alipo. Apa ndi pamene wongodinadina amadzipweteka. Amadumphira mpira wogunda mphete, mnzake ndi amene waugwira, iye akadali kudina loponyera, ndipo mnzakeyo amauponya kuchokera kumapeto kwa bwalo. Mpira ukangogwidwa, chotsani chala. Mu Options muli Tag Mode, imene imakupatsani wosewera aliyense amene ali ndi mpira. Kwa woyamba kumene imathandiza. Kwa wozolowera ndi bwino kuizimitsa, chifukwa mukakhala ndi munthu m'modzi mutha kuthamangira pamalo opanda mdani n'kuitanitsa mpira, ndipo moto umasonkhana pa wosewera m'modzi.

Mu Options momwemo muli CPU Assistance, ndipo iyenera kumvetsetsedwa bwino. Ikayatsidwa, gemu imathandiza timu imene ikutsalira: mipira yawo imalowa mosavuta, yanu imayamba kukana. Anaipanga dala kuti masewero azikhala ofanana mpaka kumapeto ndipo wogonja aponyenso ndalama m'makina. Choncho mukatsogola ndi mapointi khumi kenako n'kuphonya katatu motsatizana, si chala chanu ayi. Mukatsogola siyani zoponya patali, pitani ku mphete, ndipo dyani nthawi pa masekondi 24 aja. Pofuna kuyesa luso lenileni, izimitseni. Kukondera kotereku kuli ndi mbiri yake. Mark Turmell, amene anatsogolera ntchito yopanga gemuyi, ndi wotsatira Detroit Pistons, ndipo patapita zaka anavomera kuti pa makina oyambirira anaika lamulo lobisika loti Chicago Bulls ikamasewera ndi Pistons, mpira wa Bulls wa m'masekondi omaliza pa masewero othinana uziphonya.

Za matimu ndingonena mwachidule. Michael Jordan musamufune, mulibe, chifukwa ufulu wa dzina lake unali m'manja mwake. Bulls ya mu NBA Jam yoyamba ili ndi Scottie Pippen ndi Horace Grant. Timu yabwino kwa munthu wosewera yekha ndi ya wamtali wotchinga ndi wamfupi wothamanga, ndipo chitsanzo chake ndi Utah Jazz ya Karl Malone ndi John Stockton. Ana a ku Africa alimo awiri odziwika: Hakeem Olajuwon wobadwira ku Lagos ali ku Houston Rockets, ndi Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa ali ku Denver Nuggets. Onse awiri ndi khoma pansi pa mphete. Mu Tournament Edition timu imakhala ndi osewera opitirira awiri ndipo mumasintha pakati pa zigawo. Wosewera amene wakankhidwa kwambiri amavulala ndipo luso lake limatsika, ndiye yang'anani nambala ya kuvulala musanadine kupitiriza, n'kumupumitsa chigawo chimodzi.

Kachipangizo nakonso kali ndi matenda ake, ndipo kuno fumbi ndiye mdani wamkulu, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Pansi pa batani lililonse lakutsogolo pali kamphira kokhala ndi kadontho kakuda kamene kamagunda pa bolodi. Fumbi ndi thukuta zikalowa, batani limayamba kufuna kufinyidwa kwambiri kapena limadumpha nthawi zina. Pa NBA Jam mumazindikira msanga, chifukwa kunamiza kuja kumasanduka kuponya. Zimitsani kachipangizo, masulani tizomangira takumbuyo, tsegulani mosamala kuti musadule waya wa batire kapena kachingwe kopyapyala ka sikirini, ndipo pukutani timadontho takudato ndi pa bolodi ndi kathonje konyowa pang'ono ndi isopropyl alcohol. Akatswiri okonza mafoni mumsika amakhala nayo. Sipiliti wofiirira uja amasiya zotsalira, ndipo madzi musayerekeze n'komwe. Musapale kadontho ndi lezala, mukachotsa chakudacho batani lafa. D-pad imene ikukhotera m'mbali yokha nthawi zambiri ndi kamphira kamene kakhala mopendekeka kapena kang'ambika.

Potchaja R36S onani bwino mabowo ake awiri a USB-C. Lolembedwa DC ndiye lotchajira, la OTG ndi lolumikizira zinthu zina. Gwiritsani chaja wamba ya 5V ndi waya wa USB-A mbali ina, USB-C mbali inayo. Waya wa USB-C mbali zonse nthawi zambiri sugwira pa tizipangizo timeneti, ndipo machaja othamanga a mafoni atsopano ndi bwino kuwapewa. Power bank kapena bowo la USB la pa sola zimagwira bwino. Magetsi akazima n'kuyakanso, dikirani kaye mphindi zingapo musanalumikize. Kutentha kwa Okutobala kumapha batire, choncho musasiye kachipangizo padzuwa, pa dashibodi ya galimoto, kapena kukatchajira pansi pa pilo. Batire ikatupa, mpaka chivindikiro n'kuyamba kudzuka, siyani kuitchaja pomwepo ndipo isinthidwe, chifukwa imatha kuyaka. Pa PSP zimenezi zimachitika kawirikawiri popeza mabatire ake ndi akale.

Khadi imene imabwera ndi kachipangizo nthawi zambiri ndi yotsika, ndipo imafa mosachenjeza. Tsiku loyamba lomwelo ikopereni yonse pa kompyuta ngati image, ndiye kuti fayilo imodzi yokopa khadi yonse mmene ilili, chifukwa kungokoka mafoda sikutenga mbali imene imayatsa kachipangizo, kenako muilembe pa khadi yodalirika. Pozimitsa dzerani mu menyu n'kusankha Shutdown. Kuzimitsa mokakamiza pamene khadi ikulembedwa ndi kumene kumawononga mafayilo, ndipo mbiri yanu yogonjetsa matimu onse 27 imapita nawo.

Amene ali ndi PSP ayang'ane NBA Street Showdown ya 2005. Imeneyi ndi ya atatu mbali iliyonse, mumathamangira mapointi 21, ndipo zigoli zimawerengedwa chimodzi pafupi, ziwiri patali. M'malo mwa moto muli Gamebreaker: mumadzaza mzere pochita zaluso, ndipo chigoli chake chimawonjezera kwa inu n'kuchotsera adani. Turbo ili kale pa L ndi R. Ma PSP awiri amalumikizana okha popanda intaneti kudzera mu ad hoc, bola switch ya WLAN ikhale yoyatsa. Pa Switch pali NBA 2K Playgrounds 2 ya 2018, ya awiri mbali iliyonse, yokhala ndi kamzere koonetsa nthawi yosiyira mpira, ndipo anthu awiri amagawana ma Joy-Con, zowongolera ziwiri za Switch, pa sikirini imodzi. Osewera ambiri amayamba ali otsekedwa, mumawatsegula pang'onopang'ono. Mfundo yosunga mphamvu ndi yomweyo pa magemu onsewa.

Kusewera awiri pa R36S ndi kovutirapo. Mutha kulumikiza controller ya USB pa bowo la OTG, koma mitu iwiri pa sikirini yaing'ono chotero imatopetsa maso msanga. Njira yabwino mukakhala pagulu, kaya pakhonde la golosale kaya podikira basi, ndi kulandizana. Gwirizanani timu imodzi ndi adani amodzi, zimitsani CPU Assistance, ikani Drone Difficulty (mphamvu ya osewera a kompyuta) ndi Timer Speed (liwiro la wotchi) pamalo amodzi kwa onse, ndipo aliyense asewere masewero athunthu. Wopambana ndi amene wagonjetsa kompyuta ndi kusiyana kwakukulu kwa mapointi. Ngati nthawi ndi yochepa, sungani save state (kusunga gemu pomwe yafika) kumayambiriro kwa chigawo chachinayi zigoli zili zofanana, ndipo aliyense ayambire pamenepo. Mphindi zitatu zimakwana kuti munthu aliyense apeze mpata, ndipo batire imafika madzulo mukatsitsa kuwala kwa sikirini kufika theka n'kukhala pamthunzi.